Mbiri ya Mneni "Kupatsa" ku China ndi m'Chichewa

Munthu wokwera m'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, akafika ku mapanga a Chencherere, Mphunzi kapena Namzeze, amapeza zithunzi za mitundu iwiri pamiyala. Zina nzofiira, zozungulira ndi zamizeremizere, ndipo odziwa mbiri yakale amati anazijambula ndi Akafula, alenje aja amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Zina nzoyera, zojambulidwa ndi Achewa eni ake pa miyambo ya chinamwali ndi ya Nyau. Malo otere alipo 127, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Pamiyala ina zoyera zinapakidwa pamwamba pa zofiira, kotero kuti wopenyetsetsa amaona chakale chikusuzumira pansi pa chatsopano.

Chinenero nacho chili chotero. Timawu tating'ono timene timalumikiza ziganizo, ndi aphatikiri amene amasonyeza nthawi ya mneni, sizinayambe ndi maonekedwe amene zili nawo lero. Zambiri mwa izo zinali aneni enieni, onena ntchito yooneka ndi maso, monga kudza, kunena, kutha ndi kupatsa; koma popita kwa mibadwo zinapepuka, nizisanduka zotumikira aneni anzawo. Nkhani iyi iyenera kumkhudza mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale. Tsiku lina adzalemba pabolodi chiganizo chakuti "Ndamva kuti mvula yagwa," nadzafunsa mtundu wa mawu akuti "kuti". Mwana wina adzati ndi mlumikizi, wina adzati ndi mneni, pakuti amamva agogo ake akuti "ndati", "wati", "akuti". Mphunzitsi wosadziwa mbiri adzachonga woyambayo nadzudzula wachiwiriyo, chonsecho ana onse awiri aona zoona: wina waona choyera cha pamwamba, wina waona chofiira cha pansi.

Mboni ya ku China

Pofuna kuona bwino kusanduka kwa aneni, nkoyenera kuyamba ndi dziko limene linasunga zolembedwa zake nthawi yaitali. Ku China malembo akale koposa amene akuwerengeka ndi ozokotedwa pa mafupa a ng'ombe ndi zigoba za akamba, ofukulidwa ku Anyang, a m'zaka za m'ma 1200 Yesu asanabadwe. Anthu ophunzira anawazindikira m'chaka cha 1899. Chotero wofufuza angathe kulondola mawu amodzi kwa zaka zoposa 3,000, naona pamene anayambira kusintha.

Matchaina eni ake anachiona chinthu ichi kale. Iwo anagawa mawu m'magulu awiri: "mawu odzaza", amene ali ndi tanthauzo lawolawo, monga nyumba kapena kudya, ndi "mawu opanda kanthu", amene ntchito yawo ndi kumanga chiganizo basi. M'zaka za m'ma 1300, mu ufumu wa Yuan, mlembi wina dzina lake Zhou Boqi anaphunzitsa kuti mawu opanda kanthu a m'masiku ake anali mawu odzaza m'masiku a makolo. Ku Ulaya ganizo lomweli linamveka mochedwa: Mjeremani Georg von der Gabelentz, amene analemba galamala ya Chitchaina m'chaka cha 1881, analifotokoza m'buku lake la 1891, ndipo Mfalansa Antoine Meillet analipatsa dzina m'chaka cha 1912.

Chimene anthu amachitcha Chitchaina si chinenero chimodzi ayi, koma banja la zinenero, monga momwe Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena zilili za banja limodzi. Pali Mandarin cha ku Beijing ndi kumpoto konse, Cantonese cha ku Guangzhou ndi Hong Kong, Hokkien cha ku Fujian ndi Taiwan, Hakka, ndi cholankhulidwa ku Shanghai. Olankhula zinenerozi samvana pakamwa, ngakhale amawerenga malembo amodzi. Zinenero izi zilibe aphatikiri a kumapeto kwa mneni monga -ira, -itsa ndi -idwa a m'Chichewa. Tsono pofuna kunena kuti ntchito yachitiridwa munthu, kapena yachitidwa ndi munthu, zinabwereka mneni wamba, ndipo kawirikawiri wobwerekedwayo anali mneni wa kupatsa.

Njira ziwiri za mneni gei

M'chinenero cha Mandarin mneni wa kupatsa ndi gei. Munthu akati "Wo gei ni qian," ndiye kuti "Ine ndikupatsa iwe ndalama." Apa gei ndi mneni wathunthu, pakuti pali wopatsa, wolandira, ndi chinthu chochoka m'dzanja kunka m'dzanja.

Njira yoyamba inayamba pamene gei anatsagana ndi mneni wina. M'chiganizo chakuti "Wo xie xin gei ni," mawu ake motsatana ndi akuti "ine, kulemba, kalata, kupatsa, iwe," ndipo tanthauzo lake ndi lakuti "Ndikulembera kalata." Kalata imafikadi m'manja mwa wolandira, motero kupatsa kukadamvekamo. Koma akati "Wo gei ni zuo fan," kunena kuti "Ndikuphikira chakudya," kapena akamanena za kutsegulira munthu chitseko, palibenso chinthu choperekedwa m'manja. Chatsala ndi ubwino wochitira wina. Gei wasanduka mperekezi, ndipo akugwira ntchito yomwe -ira amagwira m'mawu akuti kuphikira.

Njira yachiwiri ndiyo yodabwitsa. Mwana akaona mnzake ali ndi chithunzi amati "Gei wo kankan," ndiko kuti "Ndipatse ndione." Pamene chinthucho chili chonyamulika, mawuwa angamveke pawiri: kupatsa chithunzi, kapena kupatsa mpata woona. Pamene chili chosanyamulika, monga bala la pamwendo, tanthauzo lotsala ndi la kulola. Umo ndimo kupatsa kunasandukira kulola. Tsono pali kulola kwina kumene munthu salola ndi mtima wake, monga mayi wonena kuti wadyetsa nsomba zake kwa mphaka, pamene iye anangoiwala kuvundikira mphika. Kuchokera pa kulola kosafuna kotere panatsala phazi limodzi kuti chiganizo chakuti "Yu gei mao chi le," mawu ake "nsomba, kupatsa, mphaka, kudya," chitanthauze kuti "Nsomba yadyedwa ndi mphaka." Mneni wa mphatso wasanduka chizindikiro cha msintho wochitidwa, ndipo chifukwa cha njira imene anadzera, kawirikawiri amanena zinthu zogwera munthu mwatsoka: kubedwa, kumenyedwa, kunyengedwa.

Zolembedwa zikusonyeza kuti gei sanali woyamba kuyenda ulendowu. M'masiku a Confucius, amene anakhala ndi moyo kuyambira 551 kufikira 479 Yesu asanabadwe, mneni wodziwika wa kupatsa anali yu, ndipo m'zaka mazana otsatira yu anayamba kuikidwa pambuyo pa aneni ena posonyeza wolandira. Nthawi imeneyo lembo limene lero liwerengedwa gei linali kunena za kupereka zokwanira, monga chakudya cha asilikali. Linadzakhala mneni wamba wa kupatsa mochedwa, ndipo limapezeka kwambiri m'mabuku a nthano a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, mu ufumu wa Qing. Litangolowa m'malo mwa yu, linayambanso kutenga ntchito zomwe yu anali nazo, ndi zina zoonjezera.

Kummwera kwa China nkhani ndi yomweyo, koma chinenero chilichonse chinatuma mneni wakewake. Cantonese chili ndi bei, Hakka chili ndi pun amene tanthauzo lake loyamba ndi kugawa, cha ku Shanghai chili ndi peq, ndipo Hokkien cha ku Taiwan chili ndi hoo. Onsewa amanena kupatsa, kulola, ndi kuchitidwa. Mawuwa sali a muzu umodzi, ndipo ichi ndicho chofunika: anthu a madera otalikirana anayenda njira imodzi ndi aneni osiyana. Sewero la m'chinenero cha ku Fujian lotchedwa Li Jing Ji, losindikizidwa m'chaka cha 1566, likusonyeza kuti nthawi imeneyo ntchitozi ankagwira ndi mneni wina, khit. Ndipo mneni yemweyo amapezekanso m'galamala imene ansembe a ku Spain analemba ku Manila m'chaka cha 1620 pofuna kulalikira amalonda ochokera ku Fujian. M'nkhani yake yosindikizidwa m'chaka cha 1988 Mjapani Mantaro Hashimoto anasonyeza kuti zinenero za kummwera zimakonda kutenga chizindikiro cha msintho wochitidwa kwa aneni a kupatsa, pamene za kumpoto zimakonda aneni a kuuza ndi kulola, jiao ndi rang.

Sikuti izi nza ku China kokha. Ku Africa ya kumadzulo, Chiyoruba cha ku Nigeria chimanena "kugula nsalu kupatsa mayi" pofuna kunena kugulira mayi nsalu, ndipo mneni wake ndi fun. Chiakani cha ku Ghana chimachita chimodzimodzi ndi ma, ndi Chiewe ndi na.

Kupatsa m'Chichewa

Nanga Chichewa chili pati pa ulendo umenewu? Mbiri yake yolembedwa njaifupi. Buku loyamba la mawu ake linachokera kwa Salimini, munthu wa m'chigawo chapakati cha dziko lino amene anagwidwa ukapolo nafika kufupi ndi Mombasa, kumene Johannes Rebmann analemba mawu ake m'zaka za m'ma 1850. Bukulo linasindikizidwa m'chaka cha 1877. Panatsatira dikishonale ya David Clement Scott wa ku Blantyre m'chaka cha 1892, Buku Lopatulika limene ntchito yake anaitsogolera W. H. Murray m'chaka cha 1922, ndi galamala ya Mark Hanna Watkins m'chaka cha 1937, imene Kamuzu Banda anathandiza kulemba ali wophunzira ku Chicago. Zaka zosakwana mazana awiri nzochepa poyerekeza ndi za ku China. Komabe pamene zolembedwa ziperewera, zinenero za pachibale zimachitira umboni.

Mneni wakale wa kupatsa m'banja la zinenero za Bantu ndi -pa. Akadali moyo m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chishona ndi m'Chiswahili monga kupa, ndi m'Chizulu monga ukupha. Chichewa chili ndi kupatsa, kupereka ndi kuninkha. Wotchera khutu adzamva kuti kupatsa anapondako kale pa njira yachiwiri ija. Mayi akati "Mpatse mwana adye," kapena mwana akati "Tandipatsa ndione," chiganizo chamangidwa monga "Gei wo kankan," ndipo kupatsa chinthu ndi kupatsa mpata zili pamodzi. Ndiponso anthu amati nkhani yopatsa chidwi, malo opatsa mantha, maliro opatsa chisoni, zakudya zopatsa thanzi. Palibe amene ananyamulapo mantha m'manja kukapereka kwa mnzake. M'mawu ambiri otere munthu angachotse "yopatsa" naikapo "yochititsa", tanthauzo osasintha. Apa kupatsa wayamba kupepuka, nayandikira ntchito ya kuchititsa.

Koma mneniyu anaima pomwepo. Mchewa sanena kuti "Ndaphika nsima kupatsa alendo" pofuna kunena kuti wawaphikira, ndipo sanena kuti "Nsomba yapatsa mphaka kudya." Chifukwa chake nchakuti malowo anali ndi eni ake kale. Msintho wochitira uli ndi -ira ndi -era, wochititsa uli ndi -itsa ndi -etsa, wochitidwa uli ndi -idwa ndi -edwa. Aphatikiri amenewa ndi cholowa chakale cha banja lonse la Bantu, monga anasonyezera Carl Meinhof m'mabuku ake a 1899 ndi 1906 poyerekeza zinenero zambiri za banjali. Pakhomo pamene pali kale wantchito salembapo wina. M'chaka cha 1971 Talmy Givón, amene anafufuza Chibemba cha ku Zambia, anapereka ganizo lakuti aphatikiri amenewa nawonso anali aneni m'nthawi yamakedzana. Akatswiri ena amavomereza, ena amakana.

Pali chinthu chimodzi chimene -ira afanana nacho ndi gei. Onse awiri amanena zabwino ndi zoipa zomwe. Mlimi wa m'mphepete mwa phiri akati "Ana andilimira munda," wayamikira. Akati "Anyani andidyera chimanga," wadandaula. Ndipo akati "Mwana wandifera," walira. Mphatikiri ndi mmodzi, koma chimene munthu walandira chingakhale mphatso kapena tsoka.

Aneni a Chichewa amene anafika kutali

Ngakhale kupatsa anaima panjira, aneni ena a Chichewa anayenda ulendo wonse.

Woyamba ndi kudza. Akadali mneni wathunthu m'mawu akuti "Idzani kuno" ndi "Kwadza alendo." M'chiganizo chakuti "Mwana wadzapempha moto," kudza walowa m'kati mwa mneni wina, koma mwanayo wayendadi kuchokera kwawo. Tsono m'chiganizo chakuti "Mawa ndidzapita ku Linthipe," palibenso kubwera kulikonse, pakuti wolankhulayo akuchoka. -Dza- wasanduka chizindikiro cha nthawi yam'tsogolo. Chinthu chimene chikudza ndicho chimene sichinafike, ndipo umo ndimo ulendo wa miyendo unasandukira ulendo wa masiku.

Wachiwiri ndi -li, ndipo kusintha kwake kukuoneka m'mabuku amene ali m'nyumba zambiri. Poyamba anthu anati "Ali ku munda," kunena malo, kenaka "Ali kulima," monga ngati ntchito ndi malo amene munthu alimo, kenaka "Alikulima" kapena "Alinkulima", ndipo lero ambiri amangoti "Akulima." Wowerenga Buku Lopatulika adzapeza mawu onga alikudza ndi alinkunena pamasamba ambiri, pamene Buku Loyera la 1998 limalemba mwachidule monga alankhulira anthu a masiku ano. Pakati pa mabuku awiriwa pali zaka 76 zokha.

Wachitatu ndi -ti wa m'kalasi muja. "Agogo anati, bwera kuno" ndi kulankhula kwenikweni. "Ndikudziwa kuti wabwera" alibe wolankhula, kuti wangolumikiza. "Anathamanga kuti apeze basi" akunena cholinga. "Khoma linati ligwe" akunena chimene chinatsala pang'ono kuchitika, pakuti khoma lilibe pakamwa. Chishona ndi Chitumbuka zili ndi kuti yemweyo, Chizulu chili ndi ukuthi. Ndipo ku Taiwan mneni wa Hokkien wa kunena, kong, amalumikiza ziganizo mwa njira yomweyo.

Wachinayi ndi kutha. "Watha kulima" ndiye kuti wamaliza. "Amatha kulima" ndiye kuti ali ndi luso. "Mvula itha kugwa" ndiye kuti mwina igwa. Ku China mneni wa kumaliza, liao, anafupika nakhala le, kamawu kosonyeza kuti ntchito yachitika, kamene kali kumapeto kwa chiganizo cha nsomba ndi mphaka chija.

Wachisanu ndi kuposa. Pa mpikisano wothamanga mwana amaposa mnzake. Koma m'chiganizo chakuti "Phiri la Mulanje ndi lalitali kuposa la Dedza" palibe amene wathamanga. Olankhula Cantonese amayerekeza zinthu chimodzimodzi ndi mneni gwo, wotanthauza kupitirira.

Zimene mphunzitsi atengepo

Choyamba, pofunsa mtundu wa mawu, mphunzitsi aziyang'ana ntchito imene mawuwo akugwira m'chiganizo chimene chili pabolodi, osati maonekedwe ake okha. Mwana amene wati "kuti" ndi mneni asadzudzulidwe. Mphunzitsi alembe ziganizo ziwiri, china cha "anati" ndi china cha "ndamva kuti", nafunse ana kuti wolankhula ndani m'chilichonse. Ana adzapeza okha kuti m'chiganizo chachiwiri mawuwo asiya kulankhula. Achitenso chomwecho ndi "wadzapempha" ndi "ndidzapita", ndi "watha" ndi "itha".

Chachiwiri, asafulumire kuchonga cholakwa mwana akalemba "alikubwera" kapena "alinkudya" monga amvera kwa agogo ake kapena m'tchalitchi. Amuuze kalembedwe kamene mayeso amafuna, koma amuuzenso kuti mawu a agogowo ndiwo kholo la mawu a m'buku la sukulu. Mwana wouzidwa kuti chilankhulo cha kwawo ncholakwa amaleka kuyankha m'kalasi.

Chachitatu, asaumbe Chichewa m'chikombole cha Chingerezi. Chingerezi chimagwiritsa timawu toima patokha posonyeza wochitiridwa, ndipo mwana wozolowera kutembenuza liwu ndi liwu amayamba kulemba kuti "Ndaphika nsima kwa amayi" m'malo mwa "Ndaphikira amayi nsima." Mphunzitsi wodziwa kuti Chitchaina chimatuma mneni, Chingerezi chimatuma mperekezi, ndipo Chichewa chimatuma mphatikiri pa ntchito imodzimodziyo, sadzaganiza kuti chinenero china nchosauka chifukwa chosowa chida cha chinzake.

Chachinayi, kusanduka kwa aneni sikunathe, ndipo kulemba zimene zikumveka lero ndi ntchito imene mphunzitsi wa kumudzi angaigwire bwino koposa mlendo. Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha dziko m'chaka cha 1968, ndipo kuyambira pamenepo mabuku a sukulu akhala akufalitsa kalankhulidwe kamodzi. Koma m'midzi ya ku Dedza, kumene Achewa, Angoni ndi Ayao akhala moyandikana kwa mibadwo, mukadali manenedwe amene sanalowe m'buku. Wophunzira uphunzitsi popita kukayesera ntchito angatenge kabuku, nalemba chiganizo chilichonse chimene amva chokhala ndi kupatsa pamene palibe chinthu choperekedwa m'manja, pamodzi ndi mudzi, chaka, ndi msinkhu wa wolankhulayo. Akale anati kupatsa nkuikiza. Ofufuza a ku China akutha kulondola khit lero chifukwa wina anasindikiza sewero m'chaka cha 1566 m'chinenero cha anthu wamba, ndipo amene adzafune kudziwa kumene kupatsa wa Chichewa analowera adzafuna kabuku kotere.